Dzanja pa Mutu wa Rinku

Foni inandipeza pasiteshoni, chikwama cha zitsulo chili paphewa. Anali mlamu wanga, Shevanta. Sanapereke moni.

"Alamu, bwererani. Bambo a Rinku awagwira apolisi."

"Alakwa chiyani?"

"Akuti aba chisoti cha Devi kukachisi. Ndipo avomera."

Tikiti ya kumpoto ndinali nditagula kale. Ndinaing'amba. Ndinakwera sitima yobwerera kwathu.

Dzina langa ndi Vasant. Ndimakonza masikelo m'misika. Lero tauni iyi, mawa ina. Ndikagona pabedi limodzi sabata yathunthu, miyendo imayamba kuyabwa. Ntchitoyi inandiphunzitsa chinthu chimodzi. Sikelo iliyonse imanama pang'ono, ndipo mwini wake amadziwa mbali imene ikunamira. Choncho sindikhulupirira munthu msanga.

Dattu, mng'ono wanga, bambo a Rinku aja, ndi wosiyana nane. Anabadwira mumzere wa nyumba wa kuseri kwa njanji, ndipo akukhala momwemo mpaka lero. Amakonza magetsi. Chaka chilichonse, pa chikondwerero cha Devi, mulungu wathu wamkazi, ndiye amakwera makwerero kukakoloweka timababu m'kachisi. Chaka chino anakoloweka, nadzachotsa chikondwerero chitatha. M'mawa mwake wansembe anapeza mutu wa fano la Devi ulibe chisoti chake chasiliva. Anthu anadzaza pageti la polisi, akukuwa. Pofika madzulo apolisi anali atapeza munthu. Wa makwerero uja.

Ndinafika masana. Mzere wonse unali pazitseko. Azimayi amene anandiona ndikukula anayang'ana kumbali.

Shevanta anali pansi, akuumba bhakri, mikate yathu ya mapira. Rinku, mwana wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali atatsamira pa iye. Linali tsiku la sukulu. Padzanja la mwanayo panali ulusi wakuda watsopano, wotchinjiriza tsoka.

"Musadandaule, alamu," anatero Shevanta. "Zatsala pang'ono kutha. Saheb, bwana wa kupolisi, wafotokoza bwinobwino. Pepala asayina kale. Mawa angokabwereza mawu omwewo pamaso pa majisitireti, kenako abwera kunyumba. Akuti ndi mwambo chabe."

"Abwera kunyumba atavomera kuba m'kachisi?"

"Akuti majisitireti amamvera chisoni munthu wosavuta."

"Anamumenya?"

"Ayi. Anawapatsa tiyi. Ndi mabisiketi."

Sizinandisangalatse. Kumsika wogulitsa akandipatsa tiyi ndisanayambe ntchito, ndimayamba ndasuzumira pansi pa sikelo yake.

"Mlamu, ndiuzeni zoona. Anaba?"

Anasiya kuumba. "Mwabwera kudzathandiza, kapena kudzafunsa ngati iwo aja?"

Atatuluka kukatunga madzi pampopi, ndinatsegula bokosi la Dattu. Mawaya. Mapulayala. Tepi. Ndinasuzumira pansi pa bedi. Ndinapisa dzanja m'chitini cha mapira. Munalibe kanthu.

"Apolisi anayang'ana kale mmenemo," anatero Rinku.

Shevanta atabwera anatula madzi, nkugwira chipumi cha mwana. Patapita kanthawi anagwiranso. Mwanayo sankadwala. Ndinaona, koma sindinafunse.

Dzuwa litapendeka kunabwera a Kusum Tai, a nyumba ya kumapeto kwa mzere. Kale ankaphunzitsa ana aang'ono. Tsopano amathandiza ku ofesi ya kukhoti yopereka maloya aulere. Aliyense amawatchula Tai, ngati achemwali ake.

"Kodi si Vasant uyu? Sitima zatha m'dziko muno?"

"Zilipo, Tai. Inu wakutumani ndani?"

"Miyendo yanga."

"Ndinakuonanipo mukumwa tiyi pageti la polisi."

"Udzandionanso. Anthu anga amakhala mkatimo. Ukufuna ndizikawazonda kumsika?" Anakhala pansi osadikira mkeka. "Shevanta, tandiuza zonse."

Shevanta anafotokoza. A Tai anapukusa mutu.

"Pepala la kupolisi lija silingamumangitse, mwana wanga. Malamulo a dziko lathu la India amati munthu akavomera mlandu kwa wapolisi, mawu amenewo sakhala umboni kukhoti. Asayine, adinde chala, alire, ndi chimodzimodzi."

"Ndiye anavutikiranji kulemba?" ndinafunsa.

"Pali kampata kamodzi. Ngati mawu ake awatsogolera pamene pali chinthu chobedwacho, nkuchipezadi, kachigawo kameneko khoti limakalandira. Anapita naye kwinakwake?"

"Kumtsinje," anatero Shevanta. "Anakumba mchenga tsiku lonse. Sanapeze kanthu."

"Ndiye m'manja mwawo mulibe kanthu. Nchifukwa chake akumufuna kwa majisitireti. Anthu amangoti 164, nambala yakale ya ndime ya lamulo imeneyo. Nambala inasintha, mfundo ndi zomwezo. Munthu akavomera mwa kufuna kwake pamaso pa majisitireti, umenewo ndi umboni wolemera. Khoti likhoza kumupeza wolakwa ndi mawu ake omwewo. Si mwambo chabe ayi. Akumupempha kuti atsegule yekha chitseko cha ndende."

"Akhoza kudzakana pambuyo pake," ndinatero.

"Akhoza. Koma mawuwo safufutika. Amakhalabe mufayilo, ndipo iye ndiye adzavutike kufotokoza chimene ananenera. Woweruza adzayang'ana ngati pali umboni wina wogwirizana nawo, zoona. Koma ndaona anthu akumera imvi akufotokozabe. Loya ndamupemphera kale. A Pathan. Amuona mawa."

"Zingati?"

"Palibe."

"Tai, chinthu chaulere ndinachiona komaliza ndili kuyamwa."

"Boma ndilo limalipira. Munthu amene ali m'manja mwa apolisi kapena m'ndende ali ndi ufulu wokhala ndi loya waulere. Ukafuna kulipira, kagule anyezi, m'nyumba muno atha."

Ndinayang'ana Shevanta. Ndinkayembekeza kuti akondwera. Nkhope yake inali itagwa kuposa poyamba.

"Koma akapanda kunena mawu aja..." Sanamalize. Anakokera mwana pachifuwa.

Pamenepo ndinadziwa kuti pali chimene sanatiuze.

M'mawa mwake tinali pakhonde la khoti. Anthu, mafayilo, thukuta. Shevanta anabwera ndi Rinku, anakana kumusiya ndi aneba. Dattu anafika pakati pa apolisi awiri. Analibe bala. Maso okha ndiwo anali ofiira. Sanandiyang'ane.

Wofufuza mlanduwo, amene onse ankangomutchula Saheb, anali wamtali, wa malaya osita bwino. Mawu ake anali ofewa ngati a namwino. Analowa ndi Dattu m'chipinda cha majisitireti. Posakhalitsa anatuluka, iye ndi mnzake, unyolo uli m'manja. Chitseko chinatsekedwa. Mesenjala wa khoti anaima pamenepo.

"Waona?" anatero a Tai. "Wapolisi saloledwa kukhala mkati. Ngakhale kuima pawindo."

"Chitseko ndi thabwa chabe, Tai. Onsewa amalandira kuboma limodzi. Uyu apereka tiyi, uyo atseka chitseko. Sewero."

"Dikira uone mathero ake."

Sipanatenge nthawi. Dattu anatuluka. Anamutenga apolisi ena, a pakhoti pomwepo, kulowera ku galimoto ya kundende. Shevanta anaimirira.

"Anati abwera kunyumba. Tai, akupita nawo kuti?"

"Khala pansi. Zayenda bwino. Majisitireti sanalembe kanthu lero. Wangomuchenjeza kuti sakukakamizidwa kuvomera, ndiponso kuti akavomera, mawuwo adzamutsutsa kukhoti. Tsopano wamupatsa nthawi yoganiza, kutali ndi amene anamugwira. Nchifukwa chake akupita kundende, osati kuchitokosi cha polisi. Abweranso mawa."

Dattu ankadutsa pafupi nafe. Saheb anasendera, nawerama. Anaika dzanja pamutu pa Rinku.

"Mwana wokongola uyu, Dattu," anatero mofatsa. "Umusamale."

Dattu anapunthwa pamalo opanda mwala. Shevanta anatsomphola mwanayo ngati akumuchotsa pamoto.

Panja, pansi pa mtengo, ndinamuimirira kutsogolo.

"Mlamu, sitichoka pano. Nenani."

Ananena akuyang'ana pansi.

"Ndinapita ndi chakudya kupolisi. Rinku ananditsatira. Saheb anatilowetsa, anatipatsa mpando. Kenako anatenga dzanja la bambo ake, nkuliika pamutu pa mwana. Anati, lumbira kuti mawu amene wandiuza ukawanenanso kwa majisitireti, osasintha. Analumbira."

A Tai anatseka maso.

Kwathu munthu akhoza kunamiza khoti, wansembe, ngakhale mkazi wake. Koma lumbiro la pamutu pa mwana saseweretsa. Ukaliphwanya, amati tsoka limagwera mwanayo. Ndipo wolimasula ndi amene analimanga yekha, akanena ndi pakamwa pake kuti lamasuka. Ine ndayenda kwambiri. Zambiri ndinasiya kuzikhulupirira. Komabe sindingaike dzanja pamutu pa mwana kuti ndiyese.

Saheb anali akukwera njinga yake yamoto. Ndinamutsatira.

"Saheb, nenani kuti lamasuka."

Anamwetulira. "Ndinu mkulu wake? Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimakonza masikelo."

"Laisensi muli nayo?"

"Ndili nayo."

"Chabwino. Muziyenda nayo." Analiza njinga, napita.

Masana tinapita kundende, ine, Shevanta ndi a Tai. Malo oonera akaidi ndi waya mbali ino, waya mbali inayo, phokoso pakati. Aliyense amakuwa kuti m'bale wake amve. Dattu anabwera, nagwira wayayo ndi zala.

"Unaba?" ndinamufunsa.

"Inunso, achimwene?"

"Ndikufunsa."

"Ndinachotsa timababu chisoti chili pamutu pa Devi. Ndinagwada, nkumapita."

"Ndiye unavomereranji?"

"Sankandilola kugona. Ndikangotseka maso, funso. Anati anthu akufuna kuotcha nyumba yathu, iye yekha ndiye akuwaletsa. Anati ndikavomera, anthu azizira, majisitireti angondidzudzula, basi."

"Loya wabwera?"

"Wabwera. Wanena zonse. Ndamva. Ndikudziwa kuti ndi zaka."

"Ndiye?"

"Zaka zimatha, achimwene. Mwana akapita sabwerera."

Shevanta anakankhira nkhope pawaya. "Mutu umenewo ndinaubereka ndine. Lamasuka. Mwamva, bambo a Rinku? Ndanena ine. Lamasuka."

"Si iwe unamanga."

Ndinamukalipira. "Iwe munthu wogwira waya wa moto ndi manja, ukuopa mawu a munthu wovala khaki? Mutu wako uli ndi fyuzi, kapena inapsa?"

"Inu mulibe mwana," anatero Dattu.

Ananena zoona.

A Tai anandisuntha ndi chigongono.

"Dattu, ine si wansembe. Lumbiro sindingalimasule, ndipo sindikukuuza kuti uliphwanye. Kuvomera kapena kukana ndi zako. Ngakhale loya sangakusankhire. Ukanakhala kuti unabadi, mtima nkumakuvuta, ndikanati kambirana ndi loya, kenako ukavomere. Lamulo silitseka pakamwa pa munthu wofuna kuulula. Koma tandiuza. Unalumbira kuti ukachita chiyani?"

"Kuti ndikanena mawu aja."

"Unalumbiranso kuti ukabisa zimene anakuchita?"

Anaganiza. "Ayi."

"Ndiye tamvera. Asanalembe kalikonse, Madamu majisitireti akufunsa ngati wina wakuopseza kapena wakulonjeza kanthu."

"Andifunsa kale lero. Ndati palibe."

"Akufunsanso mawa. Ndi ntchito yawo. Akufunsanso chifukwa chimene ukufunira kuvomera. Pamenepo pokha usaname. Sindikupempha china."

"Akandibweza kwa Saheb?"

"Munthu akanena kuti sakufuna kuvomera, lamulo sililola majisitireti kumubweza m'manja mwa apolisi. Ndipo akamva zimene anakuchitazi, sangakupereke kwa iye."

"Ndani anakuuzani kuti amatsatira?" ndinalowerera.

"Palibe, Vasant. Nchifukwa chake ine ndi a Pathan tidzakhala pakhonde."

Belu linalira. Dattu anachoka osalonjeza kanthu.

Tsiku lotsatira tinakhalanso pabenchi lomwe lija. Saheb anali kumapeto kwa khonde, akuwerenga nyuzi. Sanatembenuze tsamba ngakhale limodzi. Chitseko chinatsekedwanso. Ulendo uno chinakhalitsa.

Zimene zinachitika mkatimo ndinazimva pambuyo pake kwa Dattu mwini.

Majisitireti anali mayi wamng'ono thupi, wa magalasi. Anayamba wasuzumira panja pawindo, kenako anamuuza kuti akhale pansi.

"Ine si wapolisi," anatero. "Ndine majisitireti. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

"Sukukakamizidwa kuvomera mlandu. Ukavomera, mawu ako akhoza kukhala umboni wokumangitsa. Ndinanena dzulo, ndikunenanso lero."

Dattu anakweza dzanja kuti alumbire, monga amaonera mboni zikuchitira.

"Tsitsa dzanja. Muno woganiziridwa mlandu salumbira."

Zinamudabwitsa. Kupolisi anamulumbiritsa, kukhoti akumuletsa.

Anamufunsa ngati anagona. Ngati anadya. Ngati wapolisi aliyense anabwera kudzamuona kundende. Anamuuza kuti apinde manja a malaya, naona mikono.

"Ukufunabe kuvomera?"

"Inde, Madamu."

"Chifukwa chiyani?"

Fani inkazungulira.

"Munthu savomera mlandu chifukwa choti kunja kwacha bwino. Wina wakulonjeza kanthu? Wina wakuopseza? Ndili ndi nthawi, ganiza."

Akuti pamenepo anaona mutu wa Rinku, kanjira ka pakati pa tsitsi lake, mafuta akunyezimira. Pakamwa panatseguka pokha.

"Madamu, inu munaphunzira. Lumbiro la pamutu pa mwana, ngati amene analimanga akukana kulimasula, boma lingalimasule?"

Majisitireti anaika cholembera pansi.

"Anakulumbiritsa ndani?"

Dattu ananena zonse. Tulo, tiyi, nyumba yoti iotchedwe, dzanja pamutu pa mwana. Atamaliza mantha anamubwerera.

"Tsopano lembani mawu aja, Madamu. Ndinalumbira kuti ndinena. Ine Dattu, tsiku lomaliza la chikondwerero, ndinakwera..."

"Ukhoza kunena mpaka mawa. Sindilemba." Anavula magalasi. "Pansi pa chivomerezo chilichonse ndimayenera kusayina kuti ndakhulupirira kuti munthu wanena mwa kufuna kwake. Apa sindikukhulupirira. Kukakamiza si ndodo yokha. Lonjezo, kumana munthu tulo, mutu wa mwana, zonsezo ndi kukakamiza. Za lumbiro lako ndilibe mphamvu. Mphamvu yanga ili pa cholembera ichi, ndipo ndakana."

Analemba zina. Analemba zimene Dattu ananena za mmene anamusungira kupolisi, namuwerengera m'chilankhulo chathu kuti amve ngati zalembedwa molondola. Analamula kuti dokotala amuone. Analamulanso kuti abwerere kundende, osati kwa Saheb.

Chitseko chitatseguka, a Pathan analowa, natuluka akugwedeza mutu.

"Palibe chivomerezo," anatiuza. "Madamu akana kulemba. Tsopano tipemphe belo."

Saheb anapinda nyuzi yake, nachoka osatsanzika.

Ine sindinakondwere msanga. Ndinkadikira mbedza. Dattu nayenso sanakondwere. Podutsa anangofunsa chinthu chimodzi.

"Rinku watentha thupi?"

Masiku otsatira anali oipa kwa iye. Mawu aja sanalembedwe, ndipo iye sankadziwa ngati waliphwanya lumbirolo kapena ayi. Tikapita kukamuona, funso linali lomwelo. Rinku akayetsemula, Shevanta ankasiya kudya.

Tsiku lomva za belo tinalowa tonse m'khoti. Woimira boma anatulutsa pepala la kupolisi lija, nati munthuyu anavomera yekha. A Pathan anaimirira.

"Anavomera kwa ndani?"

"Kwa wofufuza."

"Ndiye libwezeni mufayilo. Pamlandu silidzakhala umboni. Chisoti mwachipeza?"

Sanachipeze. Mboni yoona ndi maso panalibe. Kenako a Pathan anawerenga zimene majisitireti analemba, mpaka pa dzanja ndi mutu wa mwana. M'khoti munamveka kung'ung'udza. Woweruza anayang'ana Saheb.

"Mukuti bwanji pa zimenezi?"

Saheb anaima njoo. Mawu ake sanalinso ofewa.

"Palibe lumbiro lililonse. Ine sindinamange munthu ndi lumbiro. Palibe."

Shevanta anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Kenako analankhula, osakuwa, koma mzere wonse wa mabenchi unamva.

"Mwamva, bambo a Rinku? Mwini wake wanena. Palibe."

Mesenjala anati kukhale chete. Dattu anagwira thabwa la patsogolo pake ndi manja onse awiri. Mapewa ake anatsika. Munthu amene anamanga anali atanena yekha, pamaso pa woweruza, kuti mfundo palibe. Ananena pofuna kudzipulumutsa, koma ananena.

Belo inaperekedwa. Patapita miyezi mlandu unathetsedwa. Panalibe chisoti, panalibe mboni, panalibe chivomerezo. A Pathan analemba dandaulo la za Saheb kwa akuluakulu ake. Kumene linafika sindikudziwa.

Chisoti sichinapezeke mpaka lero. Ine ndili ndi anthu atatu amene ndimawaganizira. Sindiwatchula. Ndinapisapo dzanja m'chitini cha mapira cha mng'ono wanga, ndikudziwa tsopano kuti kuganizira munthu si umboni.

Rinku anabwerera kusukulu. Dattu amamugwirabe chipumi m'mawa uliwonse. Mwanayo amakankha dzanjalo.

"Baba, mukundisokoneza tsitsi."

Ndisananyamuke ndinapita kwa a Tai. Ndinaima pakhomo.

"Tsopano nenani. Zingati?"

"Sunatope?" Anaseka. "Chabwino, ndikulipiritsa. Iwe sukhala pansi. M'masitima akowo uziwauza anthu."

Ndiye ndimawauza. Pakati pa matumba a anyezi ndi ana olira, ndimanena zomwezi. Awa ndi malamulo a kuno ku India. Maiko ena sindinafikeko, kumeneko funsani loya musanatsegule pakamwa. Koma kuno, kuvomera mlandu kwa wapolisi si umboni, kupatula kachigawo kamene kathandiza kupeza chinthu. Kuvomera kwa majisitireti ndi umboni wolemera, ndipo kukana pambuyo pake sikuufufuta. Palibe amene angakukakamizeni kuvomera. Wapolisi ayenera kutuluka m'chipindamo. Muyenera kuchenjezedwa, ndi kupatsidwa nthawi yoganiza kutali ndi okugwirani. Mukakana, majisitireti sakubwezani kuchitokosi. Loya waulere alipo, mupempheni tsiku loyamba.

Ena amandiyang'ana ngati ndikugulitsa mankhwala a mano. Sindiwada, ndinali choncho inenso. Ndimangowonjezera chomaliza, sitima isanaime.

Majisitireti akakufunsani chifukwa chimene mukufunira kuvomera, nenani zoona. Ngati wina anakulonjezani ufulu, nenani. Ngati anakumanani tulo, nenani. Ndipo ngati anatenga dzanja lanu nkuliika pamutu pa mwana wanu, yambani ndi chimenecho.